Miyala ya ku Stonehenge

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kuzizira kokhaku.

Loweruka lapitali ndinakwera basi ku Salisbury, kuno ku England, kukaona Stonehenge, miyala ija tinkangoiona pazithunzi. Ili pachidikha chopanda mitengo, mphepo ili kuwomba osaleka. Ikuluikuluyo umodzi umalemera matani pafupifupi 25, ndipo anaiimika cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe. Yopingasa pamwambayo sanangoisanjika ayi. Anasema kabowo mu wapamwamba ndi kansonga pa woimirira kuti zilowane, monga kalipentala amachitira ndi matabwa a chitseko. Nthawi imeneyo chitsulo kunalibe, ankagogoda mwala ndi mwala unzake! Kuikhudza salola, umangozungulira kunja kwa chingwe.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi nthano yake. Cha m'ma 1136, mlembi wina, Geoffrey wa ku Monmouth, analemba kuti ziphona ndi zimene zinanyamula miyalayi kuchokera ku Africa n'kukaiimika paphiri lina ku Ireland. Akuti zinkatsanulira madzi pamiyalapo, madziwo n'kusambitsa odwala, odwalawo n'kuchira. Kenaka Merlin, mlosi wamatsenga uja, anaizula n'kubwera nayo kuno kuti ikhale chikumbutso cha akuluakulu amene Asaxon, adani awo ochokera kutsidya kwa nyanja, anawapha mwachiwembu.

Za Africa ndi ziphonazo n'zopeka, usakauze anthu kuti miyala yathu ili ku England. Komabe tamvera izi. Akatswiri atapima miyala ing'onoing'ono imene ili mkati mwa ikuluikuluyo, anapeza kuti inachokera kumapiri a Preseli ku Wales, mtunda wopitirira makilomita 200. Ndiye mu 2024 analengeza kuti mwala wogona pakati, umene amautcha guwa, unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita oposa 700. Onena nthano anaphonya dziko, koma mfundo yoti ina mwa miyalayi ndi alendo, anachita kuinyamula kuchokera kutali, anailasa. Ndinaima pachingwepo nthawi yaitali, thupi lili tsembwe, ndikuganiza anthu ambirimbiri akukoka mwala umodzi miyezi ndi miyezi.

M'basi pobwerera mtima unali kwa agogo ako aja, ndi nthano zawo zamadzulo ife tikuvomera kuti "tili tonse". Zambiri ndaiwala, ndipo zikundiwawa. Ukapita kumudzi mwezi wamawa, chonde ukawapemphe akuuzeko ziwiri kapena zitatu, makamaka ija ya phanga la kuseri kwa phiri. Ukajambule mawu awo pafoni, unditumizire pa WhatsApp.

Moni kwa onse kunyumba.

Ndine,
Mnzako wa ku Salisbury