Pojambula mathithi athu tisapyole muyeso

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata ojambula zithunzi amene ayamba kukonda njira yosiya shata ya kamera (kachitseko kolowetsa kuwala) ili yotseguka kwa kanthawi pojambula madzi oyenda. Njirayi ndimaikonda kwambiri, koma ndikudandaula kuti ambiri akuipyoletsa muyeso, moti zithunzi za mathithi a Williams ku Zomba ndi a Manchewe ku Livingstonia zimene zikufala pa Facebook zayamba kufanana: madzi onse ali mbee ngati phala la ufa woyera, mphamvu yake osaonekanso.

Shata ikatseguka kwa 1/500 ya sekondi, dontho lililonse limaoneka litaima m'malere. Ikakhala theka la sekondi, madonthowo amalemba mizere yosonyeza pamene madzi akugunda mwala, pamene akugawikana ndiponso pamene akukumananso, ndipo apa ndi pamene pagona kukongola konse. Koma ikafika masekondi 20 kapena 30, mizere ija imafufutika. Nthawi yaitali choncho imayenera mafunde a pa Nyanja ya Malawi dzuwa likamalowa, osati madzi ogwa paphompho, amene ndi aliwiro kale.

Gwero la vutoli, m'kuona kwanga, ndi fyuluta yakuda ya ND ya masitopu 10 (galasi loika kutsogolo kwa lenzi pofuna kuchepetsa kuwala; sitopu iliyonse imakuchepetsa ndi theka), imene imasandutsa nthawi ya shata ya 1/125 ya sekondi kukhala masekondi 8. Munthu akaigula movutikira amafuna kuigwiritsa ntchito paliponse. Chonsecho pamathithi a mumthunzi wa nkhalango, m'mamawa kapena tsiku la mitambo, kutchera kamera pa ISO 100 (muyeso wotsika wa mmene kamera imamvera kuwala) ndi f/11 (kabowo kakang'ono ka lenzi) kumakwanira popanda fyuluta ya ND, makamaka mukaonjezerapo fyuluta ya polarizer, yomwe imachepetsa kuwala n'kuchotsanso kunyezimira pamiyala yonyowa kotero kuti ndere zobiriwira zimaoneka bwinobwino. Chofunika kwambiri n'chakuti kamera isagwedezeke: muiike pachoimikira cha miyendo itatu, muitchere kuti ijambule yokha pakatha masekondi 2, ndipo muzipukuta lenzi pafupipafupi chifukwa timadontho touluka timadetsa chithunzi. Miyezi ya Epulo ndi Meyi ndiyo yabwino, popeza madzi amakhala akadali ambiri koma matope atachepa.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mukamasindikiza zithunzi za mathithi muzilembako pansi pake nthawi imene shata inatseguka, kuti ophunzira aziyerekeza okha zotsatira zake.

Wojambula zithunzi,
Zomba