Kalata ya abusa: za ana athu amene tawapatsa makiyi

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale ndi inu nonse m'milaga yonse ya mpingo wathu.

Mnyamata amene tamuika m'manda sabata yathayi, atamwalira pa ngozi ya njinga yamoto, anakulira mu Sande Sukulu yathu. Mnzake amene anali naye pa njinga yamoto ija adakali chigonere ku Kamuzu Central, mwendo uli m'zitsulo. Aka si koyamba chaka chino. Ku manda ndinamva ena akunong'onezana kuti inali nthawi yake, ena kuti pamalo paja pali ziwanda, ena kuti alipo anamuchitira nsanje chifukwa anayamba kupeza bwino. Sindinayankhe pomwepo chifukwa cha anamfedwa. Lero ndiyankha.

“Ali kuti Abele mphwako? Ndipo anati, Sindidziwa. Kodi ndine woyang'anira mphwanga?” (Genesis 4:9)

Ziwanda za pa M1 tikuzidziwa, ndipo zina zimakhala pa mabenchi a m'tchalitchi muno Lamulungu lililonse. Ndikunena za ife akuluakulu amene timagulira ana laisensi. Mwana wangomaliza Fomu 4, waphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira masana awiri, bambo n'kutenga ndalama kukapatsa dobadoba, sabata isanathe kakhadi kafika. Kusukulu yoyendetsa galimoto sanapondeko, buku la malamulo a pamsewu sanalitsegulepo, mzere wosadukiza wa pakati pa msewu sadziwa tanthauzo lake. Kenako mumabwera kunyumba kwa abusa ndi Sienta yongofika kumene kuchokera ku Dar es Salaam, akuti abusa tiyikireni manja. Ndiyike manja pa chiyani? Pa chiphuphu? “Usamuyese Ambuye Mulungu wako.” (Mateyu 4:7)

Inunso eni njinga za kabaza, ndipo ena mwa inu ndinu akulu a mpingo, tamvani. Mumatenga mnyamata amene dzulo lomweli amapalasa njinga yakapalasa, mumamupatsa Lifo yopanda inshuwalansi, chipewa chodzitetezera chimodzi chong'aluka kapena osamupatsa n'komwe, n'kumuuza ndalama imene azibweretsa madzulo aliwonse, kugwe mvula kuwale dzuwa. Kuti ndalamayo ikwane akweza anthu atatu ndi thumba la feteleza, athamangitsana ndi anzake kulimbirana pasenjala pa Chimbiya tsiku la msika, ayenda mpaka usiku nyali ili yakufa. Akagwa, funso lanu loyamba limakhala lakuti njinga yawonongeka bwanji. Chakhumi chochokera m'ndalama yoteroyo musaganize kuti chimatsuka magazi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana wanu wobala mungamutume motero?

“Pamene mumanga nyumba yatsopano, muzimanga kampanda pa tsindwi lake, kuti mungatengere nyumba yanu mwazi, akagwako munthu.” (Deuteronomo 22:8)

A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, amanena kuti palibe chimene chikupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa ngozi za pamsewu. Nkhondo ayi, matenda ayi, koma msewu. Ife timadziwa kumenyera nkhondo mwana akadwala malungo, timagulitsa mbuzi usiku womwewo. Akachira, akakula, timamupatsa makiyi osamuphunzitsa.

Tsopano kwa inu ana anga, anyamata ndi atsikana amene mwangotenga kumene laisensi, ngakhale mwaitenga m'njira yoyenera. Ndimakukondani ndipo ndimanyadira mukamadzipezera nokha. Koma laisensi imangonena kuti mwaloledwa kuyamba, sinena kuti mwadziwa. Miyezi yoyambirirayi ndiyo yoopsa, makamaka usiku ndiponso galimoto ikadzaza ndi anzanu okuchemererani. Galimoto ikamayenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Mukaweramira pa foni masekondi atatu kuona amene walemba pa WhatsApp, mwayenda mamita oposa 60 muli osaona, ndipo m'mamita amenewo muli mwana wa sukulu, muli mbuzi, muli mayi wosenza nkhuni. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti mabuleki akuimitseni umawirikiza kanayi. Mvula yoyamba ikagwa, fumbi ndi mafuta a pa tala zimasanduka thelezi, ndipo pa zitunda ndi makona a ku Linthipe thiraki imene mukufuna kuipitirira yakubisirani ina imene ikubwera. Mangani lamba. Chipewa chikhale pamutu ndi chomangidwa, osati cholendewera pa chigongono mpaka muone apolisi. Za kachasu ndi timabotolo tija sindichulukitsa mawu, mukudziwa kale chimene mpingo umanena. Mlonda wa pa nsanja ku Yezreeli anazindikira munthu ali patali chifukwa cha kayendetsedwe kake, nati ndi Yehu mwana wa Nimsi, “popeza ayendetsa moyaluka” (2 Mafumu 9:20). Ena a inu timakuzindikirani chimodzimodzi tili pakhonde, musanafike n'komwe.

Ine ndi akulu a mpingo tagwirizana izi, ndipo zayamba kugwira ntchito lero. Galimoto kapena njinga yamoto yobwera kudzapemphereredwa ibwere ndi woyendetsa wake, laisensi yake ndi mapepala a inshuwalansi. Popanda zimenezi ndidzakupemphererani inuyo, koma makiyi mubwerere nawo m'thumba. Makwaya, Mvano ndi achinyamata sadzakweranso lole ya katundu pa maulendo a mpingo, ndipo dalaivala wa ulendo uliwonse adzayamba waonekera kwa madikoni. Ndikudziwa kuti minibasi ndi yodula. Bokosi la maliro nalonso si lotchipa.

Loweruka likudzali, 9 koloko m'mawa, onse oyendetsa galimoto ndi a kabaza asonkhane m'tchalitchi, pamodzi ndi eni njinga ndi makolo awo. Tapempha wapolisi wa pamsewu kuti adzatiphunzitse. Sakubwera kudzagwira munthu, choncho amene mulibe laisensi ndinu oyamba kufunika, ndipo itanani anzanu a pa siteji ngakhale si a mpingo uno. Amene munagula laisensi mudzandione panokha, tikambirane za kubwerera kusukulu.

Takhazikitsanso thumba lothandiza achinyamata kulipira sukulu yoyendetsa ndi kugula zipewa ziwiriziwiri pa njinga iliyonse. Banja lililonse lipereke K2,000 kwa mkulu wa mlaga mwezi uno usanathe, ndipo amene muli ndi galimoto musadzibise pa K2,000. Chopereka chapadera cha Lamulungu likubwerali chipita kwa mayi amene akudwazika mwana ku Lilongwe. Amayi a Mvano akusonkhanitsa ufa, sopo ndi shuga kunyumba kwa abusa mpaka Lachinayi masana.

Kalatayi iwerengedwe m'milaga yonse ndi pa mapemphero a achinyamata.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo