Mfuti yakale ya usilikali imafuna kuyezedwa, osati kupalidwa

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani ya mfuti zakale za usilikali, zija zinagwira ntchito pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, zomwe lero zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'manja mwa anthu ozisunga mwalamulo. Chatilembetsa kalatayi ndi zolakwika ziwiri zomwe sizikutha. Wina akaipeza mfuti yotere amathamangira sandipepala ndi vanishi kuti iwale ngati yatsopano, ndipo potero amafufuta mbiri yake. Wina amathamangira kuikamo chipolopolo kuti amve kulira kwake, asanadziwe ngati chitsulocho chidakali ndi mphamvu. Onsewa sanaimvetse mfutiyo. Kuti tifotokoze bwino, titengera Lee-Enfield ya ku Britain.

Dzina lakelo lili pawiri. Lee ndi James Paris Lee, amene anakonza chitsulo chotsekera chipolopolo, chomwe odziwa mfuti amachitcha bolt, pamodzi ndi magazini yochotseka. Enfield ndi kumene kunali fakitale ya boma ya Royal Small Arms Factory, kufupi ndi London. Mu 1888 asilikali a Britain analandira Lee-Metford, yomwe tingalande ta m'kati mwa mpope wake, tija timazungulitsa chipolopolo kuti chipite mowongoka, tinali tosazama. Pa onga wakuda wakale uja izi zinalibe vuto. Koma France inali itatulutsa kale mfuti ya Lebel mu 1886, yogwiritsa ntchito onga wopanda utsi, ndipo Britain itayamba kuika onga wake wotchedwa cordite, kutentha kwake kunkadya tingalandeto msanga. Mu 1895 anaikamo tingalande tisanu tozama, mfutiyo n'kukhala Lee-Enfield. Mtundu wofupikirapo wotchedwa SMLE Mark III unabwera mu 1907, ndipo wa No. 4 unayamba kufika kwa asilikali mu 1941.

Mfutiyi inatchuka chifukwa cha liwiro, ndipo liwirolo lili ndi zifukwa zake zooneka ndi maso. Mano okhoma bolt ali kumbuyo kwake, choncho bolt imayenda kamtunda kakafupi. Chogwirira chake chimakwera madigiri 60 okha, ndipo chili pafupi ndi chala chowombera. Sipuling'i ya kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiphulike imakokedwa pamene mukukankhira bolt kutsogolo, nthawi imene dzanja lili ndi mphamvu zambiri. Magazini imalowa zipolopolo 10. Nkhondo ya 1914 isanayambe, msilikali wa Britain ankaphunzitsidwa kuwombera zipolopolo 15 pa mphindi imodzi molunjika chandamale cha pa mayadi 300. Mauser ya ku Germany ya 1898 inasankha njira ina: mano awiri kutsogolo kwa bolt, pafupi ndi chipolopolo penipeni, lachitatu lodzitetezera kumbuyo, ndipo magazini yake imalowa zipolopolo zisanu. Anthu akhala akukangana kuti yabwino ndi iti. Ife timaona kuti Mauser ndi yolimba kuposa inzake, Lee-Enfield ndi yofulumira kuposa inzake, ndipo palibe inapeza zonse ziwiri. Mtengo wa liwiro la Lee ndi wakuti bolt yokhomedwa kumbuyo imapanikizika pang'ono pophulika onga, ndiye chigoba cha chipolopolo chimatamuka.

Apa ndiye pagona nkhani. Chipolopolo cha Lee-Enfield, chotchedwa .303, chili ndi mlomo wotuluka m'mbali pansi pa chigoba chake, ndipo mlomowo ndi umene umachigwira pamalo pake. Mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene mlomowo umatsamira umatchedwa headspace. Asilikali ankauyeza ndi tizitsulo tiwiri: bolt iyenera kutseka pa ka mainchesi 0.064, koma isatseke pa ka 0.074. Kusiyana kwake ndi pafupifupi theka la theka la milimita, koma mpata ukapitirira pamenepo chigoba chimatamuka mpaka kuduka chapansi, ndipo mpweya wotentha umathawira kumbuyo komwe kuli nkhope ya wowombera. Chizindikiro choyamba ndi kamzere kowala kozungulira chigoba chowomberedwa, pamwamba pang'ono pa mlomo. Mukakaona, lekani kuwombera tsiku lomwelo. Poyeza, mmisiri wa mfuti amapukuta mafuta onse, amatseka bolt ndi nsonga za zala mosakakamiza, chifukwa kukankha ndi mphamvu kumapereka yankho labodza ndiponso kumawononga choyezera. Ubwino wa No. 4 ndi wakuti mutu wa bolt yake umamasuka, ndipo unkapangidwa mosiyana kutalika, wolembedwa manambala 0, 1, 2 ndi 3. Mpata ukakula, mmisiri amaika mutu wotalikirapo n'kuyezanso. Nambala yokhayo musaikhulupirire, chifukwa mitu iwiri ya nambala imodzi imatha kusiyana. Ndipo nambala ya pa chogwirira cha bolt iyenera kufanana ndi ya pa thunthu la mfuti. Ngati zasiyana, bolt imeneyo inachokera ku mfuti ina, ndipo mwina mano ake sakugwira onse mofanana.

Mlomo womwewo uli ndi vuto lina laling'ono. M'magazini, mlomo wa chipolopolo cha pamwamba uyenera kukhala kutsogolo kwa mlomo wa cha pansi pake. Ukagwera kumbuyo, ziwirizo zimakolana ndipo bolt imakana kupita kutsogolo. N'chifukwa chake pa kachitsulo kodzazira zisanuzisanu amazisanja motsatana, china pansi, china pamwamba. Mosin-Nagant ya ku Russia ya 1891 inathana nalo vutoli poika kachitsulo kolekanitsa chipolopolo cha pamwamba ndi zinzake.

Tibwere kwa wa sandipepala uja. Mfuti ya usilikali imakhala ndi zidindo pachitsulo ndi pamtengo, ndipo zidindozo ndizo kalata yake ya kubadwa. Kamuvi kotambasuka kamasonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Dzina kapena chilembo cha fakitale chimakuuzani ngati inapangidwa ku Fazakerley kapena ku Maltby ku England, ku Long Branch ku Canada, ku Lithgow ku Australia kapena ku Ishapore ku India. Zilembo za FTR zikutanthauza kuti inabwezedwa ku fakitale n'kukonzedwa yonse. Zilembo za DP ndi chenjezo: mfutiyo inapatulidwa kuti izigwira ntchito yophunzitsira perete basi, ndipo siyenera kuwomberedwa ngakhale ioneke yabwino chotani. Munthu wopala mtengo ndi chitsulo akhoza kufufuta chenjezo lomwe likanapulumutsa maso a wodzaitenga pambuyo pake. Pa mfuti zina za K31 za ku Switzerland, mukamasula chitsulo cha kuthako mumapezamo kapepala ka dzina la msilikali amene ankainyamula. Zinthu zotere zikatayika sizibwereranso.

Chofunika ndi chochepa. Mtengo upukutidwe ndi nsanza, kenako upakidwe mafuta a linseed, madontho ochepa otikitidwa ndi chikhatho, otsala n'kupukutidwa pakatha mphindi 20 mpaka 30, chifukwa akasiyidwa ochuluka amamata. Nsanzayo iyanikidwe chotambasula kapena iviikidwe m'madzi, poti ikaunjikidwa imatha kuyaka yokha. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi mafuta ndi bulashi ya mkuwa popanda kuchotsa mtundu wakuda wa chitsulo. Pomasula SMLE, yambani kuchotsa mtengo wa kutsogolo musanakhudze bawuti wa mtengo wa kuthako. Nsonga ya bawutiyo ili ndi ngodya zinayi ndipo imalowa m'kachitsulo ka kumbuyo kwa mtengo wa kutsogolo. Mukaipotoza mtengowo ulipo, umang'ambika.

Za zipolopolo zolakwika tinenepo mwachidule koma mosabisa. Ishapore 2A imafanana kwambiri ndi SMLE, koma imadya 7.62 NATO, osati .303. Chipolopolo cha 8 mm cha ku Germany chili mitundu iwiri: chakale cha mainchesi 0.318 ndi cha pambuyo pake cha 0.323, ndipo chachikulucho chikalowa mu mpope wopapatiza wa mfuti yakale ya ku Germany ya Gewehr 88 yosasinthidwa, mphamvu ya m'kati imakwera moopsa. Springfield M1903 za ku America zomwe manambala ake ndi ochepera 800,000 za ku Springfield Armory, kapena ochepera 285,507 za ku Rock Island, zina zinapsereredwa posula ndipo chitsulo chake chimatha kusweka. Mfuti ya ku America ya M1 Garand ya 1936 imadzikoka yokha ndi mpweya wa onga, ndiye zipolopolo za alenje za onga woyaka pang'onopang'ono zimapinda chitsulo chake chokokera. Musasiye mafuta pamalo pokhala chipolopolo powombera: chigoba chimayenera kugwira khoma la malowo, ndipo chikaterera mphamvu yonse imagwera pa bolt.

Zipolopolo zambiri zakale za usilikali zili ndi mankhwala a potassium chlorate m'kabatani koyatsira onga. Akapsa amasiya mchere mu mpope, mcherewo umakoka chinyezi, ndipo dzimbiri limayamba usiku umodzi wokha. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. Asilikali a Britain ankathira madzi owira mu mpope, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito. Chotsani bolt ndi magazini, lozetsani mfuti pansi, thirani lita imodzi kapena kuposerapo kuchokera kumbuyo kudzera pa fanulo kuti madzi asalowe pansi pa mtengo, pititsani tinsanza touma mpaka tituluke toyera, pukutani nkhope ya bolt ndi nsanza yonyowa, umitsani, kenako pakani mafuta pang'ono. Yang'ananinso mawa lake ndi mkuja. Chipolopolo chakale chimathanso kuchedwa kuphulika: mukakoka chowombera n'kungomva kugogoda, musatsegule bolt, lozetsanibe mfuti ku chandamale kwa masekondi osachepera 30. Chikalira mofooka, yang'anani mu mpope musanaikenso china, chifukwa mutu wa chipolopolo ukhoza kukhala utatsakamira m'kati.

Mfuti yoyezedwa ndi yosamalidwa motere malo ake oyenera ndi pabwalo la chandamale lovomerezeka, m'manja mwa munthu wa chiphaso, ndipo ikachoka kumeneko ikhale yokhomeredwa kwina, zipolopolo kwina. Mipikisano ya chandamale ndi yakale. Bungwe la National Rifle Association la ku Britain linakhazikitsidwa mu 1859, ndipo mpikisano wake woyamba ku Wimbledon mu 1860 unatsegulidwa ndi Mfumukazi Victoria powombera mfuti ya Whitworth pa mayadi 400. Mu 1890 unasamukira ku Bisley, komwe ukuchitikabe. Ku America mipikisano ya dziko lonse yakhala ikuchitikira ku Camp Perry, ku Ohio, kuyambira 1907, ndipo bungwe la Civilian Marksmanship Program limayendetsa ya mfuti zakale. Lamulo lake lalikulu ndi lomwe tikulimbikira m'kalata ino: mfuti ikhale monga mmene msilikali ankailandirira, yosawonjezeredwa kanthu. Ma Springfield a manambala otsika aja saloledwa.

Mpikisano wa masiku onse wa mtunduwu umachitika pa mayadi 200. Wowombera amayamba chogona chafufumimba, zipolopolo zisanu zoyesera ndi 10 zowerengedwa pa mphindi 15. Kenako 10 zachangu chogona pa masekondi 80, ndipo m'kati mwake amayenera kudzazanso: wa Garand amaika ziwiri kenako zisanu ndi zitatu, wa mfuti ya bolt zisanu kenako zisanu. Zomaliza ndi 10 choimirira pa mphindi 10. Mapointi onse ndi 300, ndipo bwalo la mapointi 10 ndi la mainchesi 7 m'mimba mwake. Ambiri amataya mapointi poimirira, chifukwa amafuna kugwira mfuti ya makilogalamu anayi ndi minofu ya mikono m'malo motsamiritsa chigongono pathupi kuti mafupa ndiwo anyamule.

Zipolopolo zikamagwera pambali, musathamangire kunena kuti mpope watha. Yambani ndi sikuluwu ya kutsogolo kwa chitsulo chotchinga chowombera, chifukwa pa Lee-Enfield ndiyo imamanga mtengo ndi chitsulo, ndipo ikakhwefuka zipolopolo zimamwazikana. Kenako wombani zisanu, mupeze pakati pa gulu lonselo, osati pa chimodzi chomwe chakusangalatsani. Choyang'anira chachikulu cha kumbuyo kwa No. 4 chinatcheredwa pa mayadi 300, choncho pa mtunda waufupi chimawombetsa m'mwamba. Imikani choyang'anira chinzake chaching'ono chosinthika. Kukonza kumanzere ndi kumanja kumachitika pa choyang'anira cha kutsogolo, ndipo chimasunthidwa mobwerera: kuti zipolopolo zipite kumanja, chisunthireni kumanzere. Kuchuluka kwake kumawerengedwa pochulukitsa kuphonya kwanu ndi mtunda wa pakati pa zoyang'anira ziwirizo, n'kugawa ndi mtunda wa chandamale. Pa No. 4 zoyang'anirazo zatalikirana masentimita pafupifupi 73, ndiye kuphonya kwa masentimita 10 pa mamita 100 kumafuna kusuntha kwa mamilimita 0.7 okha. Lembani kamzere ka pensulo pamene chinali musanachikhudze, kuti mukapitirira mudziwe pobwerera.

Ndife,
Okonda mbiri ya mfuti zakale ndi masewera a chandamale