Za ulendo wa ku Joni ndamva

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti pasipoti yatuluka, akuti fodya akangogulitsidwa ukwera basi ya ku Joni. Ine bambo ako ndimvere kwa ena? Akutinso atakufunsa za mkazi wako ndi khanda lija unangoseka, amvekere ngakhale Kamuzu anachoka pa Kasungu pompano wapansi, n'kubwerako ali Ngwazi.

Za Kamuzu usandiphunzitse ine. Ndili sitandade 4 tinkaima pamsewu dzuwa lili paliwombo kudikira kuti adutse popita kunyumba yake ya Nguru ya Nawambe, agogo ako atavala nsalu ya mbumba, thukuta lili kamukamu. Kuyenda anayendadi: Hartley ku Rhodesia, kenako kumigodi ya Johannesburg, mu 1925 n'kuwolokera ku America. Udokotala anaumaliza ku Meharry mu 1937, mpaka kukachiza azungu ku London. Koma tawerenga zaka. Anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958 patadutsa zaka zoposa 40, ndipo kuti alankhule ndi anthu akwawo pankaima womasulira. Mwana wophunzirira pansi pa kachere ku Mtunthama, Chichewa n'kumuthawa pakamwa! Nthawi imeneyo sitinkazinena mokweza, a chiswe, anyamata a chipani aja, anali ndi makutu aatali, koma akuluakulu ankanong'onezana kudambwe ndi kumaliro.

Amene uja anali mtchona wamwayi, ndipo pochoka anali kamnyamata, sanasiye mkazi atabereka mwana kumsana. Iwe ukusiya.

Bambo ako aakulu sunawaone. Anapita ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, Kamuzu yemweyo asanatseke njirayo mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown. Makalata awiri, bulangete limodzi lofiira, kenako zii. Amayi anga anamwalira maso ali kunjira ya ku Santhe. Bulangete lija ndi limene unkafunda utadwala chikuku, mwina waiwala.

Sindikukana, feteleza wakwera ndipo munda watopa. Ndiwe wolimbikira, chigafa chija unamanga wekha ine ndili chigonere, anthu mpaka lero amanena. Chimene chikundisowetsa tulo ndi utchona, mwanawe. Umayamba ndi foni yosayankhidwa, mawa akuti nambala inasintha, mkuja tikumva kuti wapezako wina. Utchona, ndikubwerezanso.

Loweruka ubwere ndi mpongozi wanga, tikhale pansi pamodzi ndi amalume ako. Ngati mtima wauma upita, koma utchule mwezi wobwerera pamaso pawo. Amayi ako akazinga kale mtedza wa kamba wapaulendo, chikhalirecho sakundilankhula ngati pasipotiyo ndakupatsa ndine.

Ndine bambo ako.