Amayi, bondolo musaligulule

Cape Town

Okondeka Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi ana. Kuno ndili bwino, kuzizira kokha, kuposa chiperoni cha kwathu ku Chitakale.

Achimwene andiuza kuti mwayambanso kugwada popereka moni ndi kukhala pamphasa posenda chinangwa, ati chifukwa bondo lasiya kupweteka. Amayi, nditamva zimenezi tulo sindinatione.

Agogo amene ndimawasamala kunowa nawonso anawaika bondo lachitsulo ngati lanulo. Mwezi wathawu anawerama kwambiri kuti atole sopo m'bafa, n'kupotokola thupi phazi lili pamodzimodzi. Ndinangomva kukuwa. Nditalowa ndinapeza mwendo wakhota, bondo lakana kuwongoka, phazi lili zii ngati mwala wa mumtsinje wa Likhubula. Bondo linali litaguluka.

Adokotala anandifotokozera kuti m'katimo muli zitsulo ziwiri, china kumapeto kwa fupa la ntchafu, china pamwamba pa fupa la msongolo, pakati n'kuikapo pulasitiki. Zimagwirana chifukwa cha minyewa ndi mphamvu ya mnofu wa ntchafu. Munthu akapinda bondo mopyola muyeso n'kulipotokola, kapena akagwa, chitsulo chimatha kudumpha pamalo pake. Sizichitikachitika ayi, koma zikachitika n'zoopsa, poti kuseri kwa bondo kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Ukapanikizika, munthu angathe kutaya mwendo. Agogowa anawagoneka ndi mankhwala n'kulibwezera, ndipo mpaka lero akuyenda ndi chomangira mwendo.

Ndiye ndatumiza ndalama pa Mukuru. Achimwene apeze mmisiri akhome mpando wobowola pakati woti muzikhalapo kuchimbudzi, ndi chogwirira pakhoma. Mbaula aziika pamwamba. Kutchalitchi mukhale pabenchi, olankhula alankhule. Zaka zonse zija munathyola tiyi dengu lili kumsana, aliyense akudziwa kuti ulemu muli nawo.

Bondo likadzangokhota mwadzidzidzi, kapena phazi likachita dzanzi n'kuzizira, pasapezeke wolikoka, ngakhale amalume amene amati amadziwa kuwongola mafupa. Za mphini ayinso. Kabaza musakwere, apeze galimoto, mupite kuchipatala cha pa boma nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ndipo pepala la opaleshoni lija mulitenge.

Mafizo anakuphunzitsani aja musaleke. Nanazi zikapsa mundidyereko.

Ine mwana wanu.