Kalata kwa makolo pa kutha kwa teremu yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Teremu yatha, koma pali nkhani imene yatiwawa kwambiri.

Ophunzira a Fomu 3 a kalabu ya utolankhani akhala akujambula zithunzi zoonetsa mmene mabanja a ku Chibavi, Masasa ndi Mchengautuwa amakhalira ndi ndalama zochepa: ufa wa wokimani, makala a m'kajumbo, kamulu ka bonya koti kakwane banja lonse. Malamulo tidawapatsa omveka. Ayende awiriawiri. Asanatulutse kamera, awerengere mwini nyumba fomu ya chilolezo m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, iye asaine kapena adinde chala. Nkhope za ana osajambula. Ajambule manja, mbaula, poto. Dzina la banja ndi pamene pali nyumba osalemba. Memore khadi ibwerere kwa mphunzitsi tsiku lomwelo, ndipo banja lione chithunzi ndi mawu a pansi pake chisanapachikidwe.

Ophunzira ena adaphwanya zonsezi. Adajambula ndi foni ya kunyumba mayi wina akuphika, ana ake ali pambali, osapempha, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp ndi mawu achipongwe. Pofika mawa lake chinali pa Facebook. Makolo anzanga, chithunzi chikangotumizidwa sichibwezeka, chifukwa aliyense wochilandira amasunga chake, ngakhale mwana wanu afufute m'foni mwake. Ana a mayiyu akusekedwa kumene amaphunzira. Umphawi wa munthu si choseweretsa, ndipo sitilekerera.

Olakwawo abwere ndi makolo awo tsiku lotsegulira, tikapepese limodzi ku banjalo. Wobwera yekha salowa m'kalasi. Foni ndi yoletsedwa pasukulu pano. Komabe ife sitingaone zochitika kunyumba. Chonde tithandizeni: onani zimene ana akutumiza, ndipo ngati chithunzichi chili m'foni mwanu, chifufuteni, musachitumizenso.

Pa zabwino, magulu otsatira malamulo abweretsa zithunzi zaulemu zomwe tidzazionetse mu holo, timu ya ntchemberembaye yachita bwino, ndipo a Fomu 4 amaliza mayeso oyeserera a MSCE.

Amene simunamalize fizi, malizani sukulu isanatsegulidwe, risiti mubweretse ku ofesi. Tidzatsegulira tsiku lomwe lili pa kalendala ya Unduna wa Maphunziro. Msonkhano wa makolo udzakhala Loweruka loyamba la teremu, 9 koloko m'mawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu