Masiku 30 a pa boda sasanduka viza ya sukulu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi makolo komanso amalume anzanga amene akukonza zotumiza ana ku South Africa kuti akaphunzire. Ndakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo pali mawu amene ndatopa kuwamva pa foni kuchokera kumudzi: "Mwanayo angofika kaye, za mapepala mukaonera konko." Ndikulemba chifukwa inenso ndinawavomera mawu amenewa, ndipo anavutika ndi mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayo atakhoza MSCE, banja linagwirizana kuti abwere kwa ine. Anakwera basi ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pamene anamudindira masiku 30 monga amachitira ndi Mmalawi aliyense wobwera kudzacheza. Tinapeza koleji, tinalipira ndalama zoyambira, kalata yomulandira inatuluka. Tinkaganiza kuti chatsala n'kungopita ndi kalatayo ku VFS, kampani imene imalandira mafomu m'malo mwa Home Affairs (unduna wa ku South Africa woona zolowa ndi kutuluka m'dziko), basi viza ya sukulu ituluke. Kumeneko n'kumene tinamva kuti njira imeneyo inatsekedwa kalekale.

Kuyambira pa 26 Meyi 2014, malamulo atsopano a zolowa ndi kutuluka atayamba kugwira ntchito, munthu amene walowa ngati mlendo saloledwa kusintha n'kukhala wophunzira kapena wantchito ali m'dzikomo. Ayenera kubwerera kwawo n'kukapempha viza ku ofesi ya kazembe, ndipo kwa ife ndi ku Lilongwe. Anthu ambiri amene amalangiza anzawo kumudzi anabwera kuno lamuloli lisanasinthe. Sakunama dala, akungonena za nthawi yawo. Timakhazika mitima pansi ndi nkhani za chaka cha 2010 pamene ofesi ikugwira ntchito ndi za 2014.

Mpata ulipo koma ndi wa anthu ochepa. Mkazi, mwamuna kapena mwana wa munthu amene ali ndi viza ya ntchito kapena ya bizinesi angathe kupempha viza ya sukulu ali momwemo. Wodwala amene akufunika chithandizo chopulumutsa moyo cha nthawi yaitali amamumveranso. Ndipo mu 2019 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, pa mlandu wa Nandutu, linagamula kuti amene ali pa banja ndi nzika ya South Africa kapena ndi munthu wa chilolezo chokhazikika, pamodzi ndi ana awo, asamakakamizidwe kutuluka kuti akasinthe viza. Taonani bwino mndandandawo: malume mulibemo. Kwathu ine ndine mwini mbumba, mwana wa mlongo wanga ndi wanga, sangakwatire ine ndisanamve. Koma kwa Home Affairs ndine munthu wamba amene wangomupatsa mlendo pogona.

Pamene tinalakwa kwambiri ndi pa zimene zinatsatira. M'malo momukweza basi masiku ake asanathe, tinamvera bambo wina, Mmalawi mnzathu, amene anati ali ndi anthu ake mkati. Anatenga pasipoti ndi ndalama, n'kumangoti "sabata yamawa". Masabata anakhala miyezi. Pasipoti inabwera yopanda kanthu, ndipo ndikuthokoza kuti inabwera yopanda kanthu, chifukwa ena amawamatira viza yabodza imene imakagwidwa pa kompyuta ya pa boda, pamenepo nkhani siikhalanso ya kupyola masiku koma ya chinyengo. Bamboyo foni yake inasiya kulira.

Kale wopyola masiku ankangolipira chindapusa n'kudutsa. Lero potuluka amakulemba kuti ndiwe munthu wosafunika m'dzikomo. Ukapyola ndi masiku osapitirira 30, amakuletsa kulowa kwa chaka chimodzi. Ukabwereza mkati mwa miyezi 24, zaka ziwiri. Ukapyola ndi masiku oposa 30, zaka zisanu. Mphwangayo anapatsidwa zisanu. Apilo ndi yololedwa, ndipo tinalemba, koma yankho silibwera msanga ndipo chaka cha sukulu sichidikira munthu. Koleji ija sinabweze zonse zimene tinalipira. Ena poopa chidindo chimenechi amangokhala, n'kusanduka matchona osafuna, kumayenda mozemba apolisi mpaka tsiku lokagona ku Lindela, malo osungirako anthu opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira basi yowabweza kwawo. Mwana amene anachoka pakhomo ndi chikwama cha mabuku!

Chondipweteka n'chakuti njira yolondola si yovuta monga timaiopera, ngakhale imafuna kuyamba msanga. Mayunivesite kuno amatsegulira cha mu Febuluwale, koma ambiri amatseka kulandira mafomu pakati pa Juni ndi Okutobala chaka chapitacho. Wofuna digiri yoyamba ayenera kuonetsa satifiketi yake ku Matriculation Board, nthambi ya bungwe la mayunivesite lotchedwa Universities South Africa, kuti aone ngati ikukwanira, ndipo musangoganiza kuti MSCE yokha ikulowetsani paliponse; funsani musanalipire kalikonse. Wa digiri yachiwiri mapepala ake amaunikidwa ndi SAQA, bungwe la boma loona za masatifiketi a maphunziro. Ngati ndi koleji yoti si yaboma, onetsetsani kuti ili m'kaundula wa dipatimenti ya maphunziro apamwamba, chifukwa pakati pa tauni ya Joni pali tizipinda tambiri ta pamwamba pa mashopu todzitcha makoleji, ndipo kalata yochokera ku sukulu yosalembetsedwa situlutsa viza. Kalata yeniyeni ikafika, munthu amasonkhanitsa chikalata cha apolisi chosonyeza kuti alibe mlandu, chikalata cha dokotala, umboni wa ndalama zolipirira sukulu ndi zodyera, komanso inshuwalansi ya chipatala ya kampani yolembetsedwa ku South Africa komweko. Inshuwalansi imeneyi ndi imene imadabwitsa ambiri, chifukwa ya kumudzi sailandira. Zonsezi mwana amachita akudya nsima ya amayi ake, osawerenga masiku pa pasipoti.

Ndipo viza ikatuluka bwino imabwera ndi zabwino zake. Wophunzira wa kuyunivesite amaloledwa kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata. Komanso mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro, umene unasainidwa ku Blantyre kwathu komweko mu 1997, umati ana a m'maiko a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko. Mayunivesite ambiri a boma kuno amatsatira zimenezi, ngakhale amawonjezerapo kandalama kena ka ophunzira akunja. Ndi Amalawi angati akudziwa kuti phindu limeneli linasainidwira pakhomo pawo?

Amene maso awo ali ku Britain asaganize kuti kumeneko n'kosiyana. Wolowa ndi viza ya mlendo saloledwa kusintha kukhala wophunzira ali momwemo, amatuluka kaye.

Pempho langa likupita kwa inu a nyuzipepala ndi a wailesi, komanso kwa a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka kumudzi. Mumatiuza kawirikawiri za mabasi obweza Amalawi, koma simutiuza kalamulo kamodzi aka kamene kakanaletsa ena kukwera basi yoyambayo. Kapepala kamodzi ka m'Chichewa pa ofesi yotengera pasipoti, pa depoti ya mabasi a ku Joni ndi pa boda ya Mwanza ndi ya Dedza kangathandize kuposa misonkhano ya m'mahotela. Aphunzitsi akuluakulu a sekondale nawonso angathe kuwauza a Folomu 4 asanabalalike.

Mphwanga ali kumudzi tsopano, akuphunzira za magetsi pa koleji ina ya ntchito zamanja, ndipo akuchita bwino. Mlongo wanga sanandidzudzulepo poyera, koma mng'ono wake wa mnyamatayo akulemba mayeso chaka chino, ndipo nditafunsa ngati nayenso adzabwere, anangoti, "Achimwene, uyu ayambe waona viza m'pasipoti mwake, ndiye tidzakambe za basi."

Malume wina,
Johannesburg